Mwafunsa za Ndege za Katundu, Oziyendetsa Akuyankha

Makalata ambiri a mwezi uno akhudza ndege zonyamula katundu, makamaka mphekesera zoti makampani akuwonjezera ndege. Mafunsowa tawapereka kwa akatswiri amene amayendetsa ndege zamtunduwu, ndipo ayankha motere.

FUNSO: Akuluakulu, ine ndikuphunzira zoyendetsa ndege. Kwamveka mphekesera zoti kampani ina ya ndege za katundu ikugula ndege 50 zatsopano ndipo ilemba anthu ambiri ntchito. Ena akuti ndi zoona, ena akuti ndi nkhambakamwa. Chilungamo chake ndingachidziwe bwanji?

YANKHO: Choyamba funsani kuti mawu akuti "ikugula" akuimira pepala liti. Pakati pa kampani ya ndege ndi fakitale pamadutsa mapepala a mitundu ingapo, ndipo olemba nkhani amakonda kuwaunjika onse pamutu umodzi. Pali kalata yongosonyeza chidwi, yomwe imatchedwa LOI kapena MoU. Imeneyi ndi imene amakonda kusainirana pamaso pa makamera ku zionetsero za ndege za ku Paris, Farnborough ndi Dubai, koma simanga munthu kwenikweni. Pali oda yotsimikizika, firm order, pomwe kampani yapereka chikole, yapatsidwa malo pamzere wa fakitale, ndipo imayamba kulipira pang'onopang'ono ndegeyo isanathe kupangidwa. Ndiye pali option, womwe ndi ufulu wodzagula ndege ina pamtengo wogwirizana kale ngati kampaniyo idzafune, tsiku loikika lisanadutse. Tsikulo likhoza kudutsa osagula kanthu, ndipo palibe amene amaitanitsa atolankhani kudzalengeza zimenezo.

Chitsanzo chabwino ndi cha mu Januwale 2022, pamene Boeing inakhazikitsa ndege ya katundu ya 777-8F. Mitu ya nkhani inati Qatar Airways yaitanitsa ndege zofika 50. Mukawerenga m'kati mwake, zotsimikizika zinali 34, zotsalazo 16 zinali ma option. Komanso 20 mwa zotsimikizikazo sizinali oda yatsopano: kampaniyo inangosintha oda yakale ya ndege za anthu za 777X kuti zikhale za katundu.

Ngakhale oda yotsimikizika imagwa. FedEx ndi UPS, makampani a maphukusi a ku America, zonse ziwiri zinali zitaitanitsa Airbus A380 ya katundu, khumi khumi. Ntchito yopanga A380 itachedwa, FedEx inafafaniza oda yake mu Novembala 2006 n'kuitanitsa ma 777F okwana 15, UPS nayo inatuluka mu 2007. A380 ya katundu sinapangidwe ndi imodzi yomwe.

Funso lachiwiri, lomwe kwa munthu wofuna ntchito ndi lofunika kuposa loyamba, n'lakuti ndegezo zikubwera kudzawonjezera kapena kudzalowa m'malo mwa zakale. Kampani ikalandira ndege 20 pa zaka zisanu n'kupumitsa zakale 22, ndiye kuti yachepa, ngakhale pachithunzi paoneke ndege zonyezimira. Werengani malipoti amene kampani imapereka kwa eni masheya. M'menemo mumakhala tebulo la ndege zomwe zidzalandiridwe chaka ndi chaka, zomwe zidzapumitsidwe, ndi za lendi zomwe nthawi yake ikutha. Chotsani zotuluka pa zolowa, ndipo nambala yotsalayo ndi yomwe muyenera kuikhulupirira.

Ife m'chipinda choyendetsera timadalira kwambiri zizindikiro zam'kati kusiyana ndi zolengeza. Kampani yomwe ikuyembekezeradi ndege imayamba ndi kusankha aphunzitsi ndi oyesa mayeso pa mtundu wa ndegeyo. Imagula simyuleta, makina ophunzirirapo kuyendetsa ndege uli pansi, kapena kusungitsa maola pa simyuleta ya ena, chifukwa makina amenewa sapezeka lero ndi lero. Imatulutsa mndandanda wa malo opanda anthu kuti oyendetsa omwe alipo kale asankhe. Kumbali ya amakaniko, mumaona anthu akutumizidwa ku maphunziro a injini yatsopano ndipo zipangizo zikufika m'nyumba zosungira. Pakapanda chimodzi mwa izi, zomwe mwamvazo zikadali m'kamwa mwa anthu. Mphekesera zambiri zimayamba chifukwa wina waona akuluakulu a kampani akuyendera fakitale, koma kuyendera fakitale ya Airbus nthawi zina imakhala njira yongotsitsira mtengo wa Boeing.

FUNSO: Tiyerekeze kuti ndegezo zikubweradi. Ndege imodzi imabweretsa ntchito za oyendetsa angati?

YANKHO: Zimatengera maola amene ndegeyo idzauluke ndi kutalika kwa maulendo ake, ndipo masamu ake mukhoza kuwapanga nokha. Malamulo amaika malire a maola amene munthu mmodzi angauluke: ku America ndi 1,000 pachaka, ku Ulaya ndi 900 kuchokera Januwale mpaka Disembala. Pochita zenizeni palibe kampani imene imafikitsa aliyense pamalirepo, chifukwa pali tchuthi, matenda, maphunziro obwereza pa simyuleta, ndi ena amene amakhala chire kudikira kuitanidwa.

Tiyerekeze ndege yaikulu ya maulendo ataliatali yomwe imauluka maola 14 patsiku. Pachaka ndi maola 5,110. Ulendo ukatalika pamafunika woyendetsa wachitatu, mwinanso wachinayi, kuti azipumitsana, choncho titenge atatu pa ulendo uliwonse. Akukwana maola 15,330 a anthu. Ngati aliyense amauluka maola 700 pachaka, ndege imodziyo ikufuna anthu pafupifupi 22. Tsopano tengani ndege yaing'ono ya maphukusi yomwe imauluka maola 5 usiku uliwonse ndi oyendetsa awiri: maola 3,650 a anthu, ndipo ngati aliyense amauluka 500, ndi anthu 7 kapena 8 basi.

Musaiwale kuti m'makampani ambiri, makamaka a ku America, chilichonse chimayendera tsiku lomwe munalembedwa ntchito. Ndege zatsopano zikafika, amkhalakale ndi amene amayamba kusankha mipando. Wothandizira kaputeni amakwera kukhala kaputeni, wa ndege yaing'ono amasamukira ku yaikulu, ndipo malo amene amatsalira wobwera kumene amakhala pansi penipeni pa mndandanda, kawirikawiri pa ndege yakale komanso pa maulendo a usiku. Kusamuka kulikonse kumafuna maphunziro a masabata angapo, ndiye ndege imodzi yaikulu ikhoza kuyambitsa maphunziro a anthu ochuluka kuposa omwe adzaiyendetse. Zinthu zikavuta, odulidwa amayambira pansi pomwepo.

Makampani amalembanso anthu popanda kuwonjezera ndege. Pa maulendo a pakati pa mayiko, woyendetsa ndege zamalonda amalekeza pa zaka 65. Kampani yomwe ili ndi akuluakulu ambiri oyandikira zaka zimenezi ili ndi malo otsimikizika kuposa yomwe ikungotamandidwa m'mphekesera.

FUNSO: Makampani ouluka ndi katundu yekhayekha anayamba liti? Ndimamva dzina lakuti Flying Tigers koma sindiliona pa ndege ina iliyonse.

YANKHO: Makalata ndi timaphukusi zinkauluka kale nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, koma malonda enieni anayamba nkhondoyo itatha, pamene ndege za asilikali zinkagulitsidwa motchipa ndipo oyendetsa ophunzitsidwa bwino anali mbwee opanda ntchito. Mu 1945 Robert Prescott, yemwe anali m'gulu la oyendetsa ndege za nkhondo a ku America omwe anamenya nkhondo ku China, lotchuka ndi dzina lakuti Flying Tigers, anayambitsa kampani ndi anzake a m'gululo. Inayamba ndi ndege za Budd Conestoga, zopangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo posakhalitsa inatenga dzina lakuti Flying Tiger Line. Slick Airways inatsatira mu 1946. Makampani ang'onoang'ono otere anabadwa ambiri, koma ochuluka anafa msanga.

Chomwe chinatsimikizira dziko kuti ndege zikhoza kunyamula katundu wochuluka mosalekeza ndi zimene zinachitika ku Berlin mu 1948 ndi 1949. Soviet Union itatseka misewu, njanji ndi ngalande zolowera kumadzulo kwa mzindawo, ndege za America ndi Britain zinatutira kumeneko katundu woposa matani 2 miliyoni, ndipo wochuluka anali malasha.

Vuto la nthawi imeneyo linali khomo: katundu wamtali sankatha kukhota polowa pakhomo la m'mbali. Kampani ya Canadair inapanga CL-44, ndege yomwe mchira wake wonse unkatseguka n'kupita pambali pa mahinjesi, ndipo Flying Tiger, Seaboard ndi Slick zinaigula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960. Cargolux ya ku Luxembourg inayambanso ndi ndege yomweyi mu 1970. Kenako mu 1972 Lufthansa inalandira Boeing 747 yoyamba ya katundu, yotseguka mphuno.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi Federal Express (yomwe lero ndi FedEx) ya Fred Smith. Pa 17 Epulo 1973 inayamba ndi tindege ta Dassault Falcon 14, ndipo usiku woyamba inanyamula maphukusi 186 opita m'mizinda 25. Nzeru yake inali yakuti ndege zonse zizikumana ku Memphis pakati pa usiku, maphukusi asankhidwe, ndege zibwerere kunja kusanache. Tindegeto tinali tating'ono osati mwa kufuna kwake: malamulo a nthawiyo ankalola kampani kuuluka kulikonse popanda chilolezo cha njira pokhapokha ndege zake zikhale zazing'ono. Boma la America litamasula malamulo a katundu wa pandege mu 1977, kampaniyo inagula ma Boeing 727. UPS inakhazikitsa kampani yakeyake ya ndege mu 1988, likulu lake ku Louisville.

Flying Tiger inameza Seaboard mu 1980, koma nayo inagulidwa ndi Federal Express, ndipo mu 1989 dzina lake linachoka pa ndege. Chimene wogulayo ankafuna kwambiri sanali ma 747 ake ayi, koma zilolezo zotera m'mayiko ena, makamaka ku Japan, zomwe Flying Tiger inali nazo kuyambira kale. Mukamamva mphekesera zoti kampani ina ikugula inzake, yang'anani zilolezo ndi makasitomala ake musanawerenge ndege zake.

FUNSO: Ndinaona ndege yolembedwa DHL, koma mnzanga akuti oyendetsa ake si a DHL. Akutinso ndege za Amazon sizili ndi oyendetsa a Amazon. Zikutheka bwanji?

YANKHO: Mnzanuyo akunena zoona pa ndege zambiri. Penti imaonetsa mwini katundu, pomwe mwini chiphaso choyendetsera ndege amalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono pafupi ndi khomo lakutsogolo. Pali mgwirizano wotchedwa ACMI, pomwe kampani imodzi imapereka ndege, oyendetsa, kukonza ndi inshuwalansi, ndipo kasitomala amalipira pa ola lililonse louluka, ndi lonjezo la maola ochepetsetsa pamwezi. Mafuta, ndalama zotera pabwalo ndiponso kupeza katundu zimakhala pamutu pa kasitomalayo. Atlas Air, yomwe Michael Chowdry anaiyambitsa mu 1992, inakula ndi malonda amenewa. Pali wina wotchedwa CMI, pomwe ndege ndi ya kasitomala, kampani inayo imangobweretsa oyendetsa, amakaniko ndi inshuwalansi.

Amazon inayamba motero mu 2016, pogwirizana ndi ATSG komanso Atlas Air kuti iliyonse iziyendetsa ma Boeing 767 okwana 20. DHL ili ndi makampani ake a ndege m'madera ena, monga omwe amagwirira ntchito ku Leipzig, koma ku America siingakhale mwini wa kampani ya ndege, popeza lamulo la kumeneko sililola akunja kukhala ndi mavoti oposa 25 peresenti. N'chifukwa chake itagula Airborne Express mu 2003, mbali ya ndege inapatulidwa n'kukhala ABX Air.

Kwa woyendetsa ndege, apa ndi pomwe pali msampha. Mukamva kuti Amazon kapena DHL ikuwonjezera ndege khumi, funso n'lakuti zipita kwa yani. Ndege za CMI mwini wake akhoza kuzichotsa kwa kampani imodzi n'kuzipereka kwa ina mgwirizano ukatha, ndipo oyendetsa sasamuka nazo. Ku kampani yolandira kumamveka nkhani ya kukula, ku inayo anthu akulongedza. DHL italengeza mu Novembala 2008 kuti ikusiya kunyamula maphukusi a m'kati mwa America, anthu masauzande anataya ntchito pabwalo la ku Wilmington, m'chigawo cha Ohio. Ngakhale makampani akuluakulu sathawa zimenezi: mu 2024 mgwirizano waukulu wonyamula makalata a positi ya boma la America pandege unachoka ku FedEx kupita ku UPS. Musanavomere ntchito, fufuzani kuti kampaniyo ili ndi makasitomala angati, ndi kuti mgwirizano wa wamkulu mwa iwo ukutha liti.

FUNSO: Bwanji makampani a katundu amakonda ndege zakale zomwe zinkanyamula anthu? Si kuika moyo pachiswe kumeneko?

YANKHO: Ukalamba wa ndege pawokha si ngozi ngati ikukonzedwa motsatira ndondomeko yake. Nkhani yagona pa ndalama. Ndege yatsopano imamwa mafuta pang'ono koma ngongole yake ndi yaikulu, ndipo ngongoleyo imalipiridwa ndege ikhale m'mwamba kapena pansi. Ndege ya maphukusi yomwe imauluka maola anayi kapena asanu usiku n'kukhala tsiku lonse pabwalo singabweze ngongole yoteroyo. Yakale yotchipa ndiyo imapindula, ngakhale imwe mafuta ambiri. Koma ndege yomwe imakhala m'mwamba maola oposa theka la tsiku pakati pa Asia ndi Ulaya, mafuta ndiwo amalamula, choncho kumeneko mumapeza zatsopano.

Kusandutsa ndege ya anthu kukhala ya katundu ndi ntchito ya miyezi itatu kapena kuposerapo, ndipo amakonda kuiphatikiza ndi nthawi yomwe ndegeyo imayenera kuphwasulidwa kuti iunikidwe bwinobwino. Nthawi zambiri amasankha ya zaka pakati pa 15 ndi 20. Amachotsa mipando, makitchini, zimbudzi ndi mashelefu a zikwama. Ndegeyo amaiimika pa majeki ndi zochirikiza kuti thupi lake lisapindike, kenako amadula chibowo chachikulu m'mbali, kuikamo felemu yolimba ndi chitseko cha katundu. Pogwira ntchito imeneyi, kulakwitsa pochirikiza kumapangitsa kuti chitseko chisakhale bwino, ndipo chitseko chotere chimataya mpweya ndege ikakwera m'mwamba. Mawindo amawatseka ndi zitsekero za aluminiyamu, makomo osafunika amawakhoma. Pansi amalimbitsapo, chifukwa panapangidwira mipando osati mapaleti (mathandala opakirapo katundu) a matani asanu ndi limodzi. Pa Boeing 777 ya anthu mitanda ya pansi si yachitsulo, ndiye imachotsedwa n'kuikapo ya aluminiyamu, zomwe zimakweza mtengo wa ntchitoyo. Akatero amaika timawilo toyendetsera mapaleti, maloko ogwira mapaleti, zida zonunkhiza utsi, ndi khoma kapena ukonde kumbuyo kwa chipinda cha oyendetsa, wotha kugwira katundu yense atakankhikira kutsogolo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 9. Ntchitoyi imachitidwa ndi makampani monga IAI ya ku Israel, EFW ya ku Dresden, ndi Boeing yomwe.

Pa mphekesera, dziwani kuti kampani ikhoza kusungitsa malo osandutsira ndege ilibe ndege yoti isandutse. Mu 2020 ndege za anthu zitaima chifukwa cha Covid-19, malo a katundu anasowa kwambiri, popeza pafupifupi theka la katundu wa pandege limayenda m'mimba mwa ndege za anthu. Mitengo inakwera, ndipo aliyense anathamangira kusungitsa malo osandutsira. Maulendo a anthu atabwerera, mitengo inatsika, makampani a anthu anaumirira ndege zawo zakale chifukwa zatsopano zinkachedwa, ndipo ena mwa omwe anasungitsa malo anabwerera m'mbuyo.

FUNSO: Ndamva kuti Boeing 747 inasiya kupangidwa. Ilowe m'malo mwake ndi iti?

YANKHO: Yomaliza, 747-8F, inaperekedwa kwa Atlas Air pa 31 Januwale 2023, ndipo zonse zomwe zinapangidwa ndi 1,574. Yolowa m'malo mwake ndendende palibe. 747-8F imanyamula matani oposa 130 ndi mapaleti 34 pa chipinda chachikulu, chomwe chili pamwamba pa mimba ya ndege. 777F, yomwe Air France inayamba kuilandira mu 2009, imanyamula matani opitirira pang'ono 100 ndi mapaleti 27, koma ndi injini ziwiri m'malo mwa zinayi. Zomwe zikubwera ndi A350F ya Airbus ndi 777-8F ya Boeing, zonse za matani opitirira 110, ndipo masiku oti ziyambe ntchito akhala akusunthidwa. Wina akakuuzani mwezi weniweni womwe kampani yake idzalandire yoyamba, ingomumverani.

Chomwe chidzasowe ndi khomo la kumphuno. Mapaipi ataliatali, mashafuti ndi zida za m'migodi zomwe sizingakhote pakhomo la m'mbali zimalowa molunjika kumphuno. Khomo limeneli lili pa ma 747 omwe anapangidwa ngati a katundu kuchokera kufakitale basi, osandutsidwa alibe. N'chifukwa chake ife tikuona kuti ma 747-8F adzauluka zaka zambiri zikubwerazi. Katundu woposa pamenepo amadalira Antonov An-124, yomwe imanyamula matani 120, koma ilipo yochepa. Mkulu wake, An-225, inawonongedwa pabwalo la Hostomel ku Ukraine mu Febuluwale 2022.

China chomwe chikukankha makampani kuitanitsa ndege ndi lamulo la bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO lochepetsa utsi wa kaboni, lomwe likukhudza ndege zopangidwa kuyambira 2028. Boeing inalengeza mu Okutobala 2024 kuti isiya kupanga 767 ya katundu mu 2027. Oda zina zomwe mukumva ndi za makampani ongofuna kupeza malo fakitale isanatseke mzere.

FUNSO: Anzanga amati kuyendetsa ndege ya katundu ndi kophweka chifukwa makatoni sadandaula. Ndi zoona?

YANKHO: Sadandauladi, koma sanenanso akamasuka kapena akayamba kuyaka. Zinthu zitatu ndi zomwe zimatisowetsa tulo: kulemera, kumanga, ndi moto.

Katundu amaikidwa pa mapaleti ndi m'makontena a miyeso yodziwika. Paleti ya PMC ndi ya masentimita 244 m'lifupi ndi 318 m'litali, ndipo pa chipinda chachikulu imaloledwa kufika makilogalamu 6,804. Kontena ya LD3 ya m'mimba mwa ndege imalekeza pa makilogalamu 1,588. Paleti iliyonse imayezedwa pasikelo, ndipo woyang'anira kapakiridwe, loadmaster, amaipatsa malo ake kuti kulemera kwa ndege kukhale pakati pa malire a kutsogolo ndi kumbuyo. Popakira amayamba ndi kuonetsetsa kuti kutsogolo kuli kolemera, ndipo ndege zina amazichirikiza kumchira kapena kumangirira mawilo akutsogolo, apo ayi ndege imakhala pansi ndi mchira. Malo aliwonse ali ndi malire akeake, ndiye paleti yolemera singangoikidwa paliponse pomwe pali mpata. Katundu wopepuka amalipiritsidwa ndi kukula kwake: amachulukitsa miyeso itatu ya katoni m'masentimita n'kugawa ndi 6,000, kotero bokosi la mita imodzi mbali zonse limawerengedwa makilogalamu 167 ngakhale muli nthenga. Maphukusi a malonda a pa intaneti amadzaza ndege isanafike n'komwe pa malire a kulemera.

Nambala ya kulemera ikalakwika, liwiro ndi mphamvu ya injini zonyamukira zimalakwikanso. Ku Halifax mu Okutobala 2004, 747 ya MK Airlines inanyamuka ndi manambala ochokera pa kulemera kwa ulendo wam'mbuyo, komwe kunali kochepa ndi matani oposa 100. Sinathe kukwera, ndipo onse 7 omwe analimo anafa. N'chifukwa chake oyendetsa awiri amawerengera aliyense payekha kenako n'kuyerekeza, osati wina kungovomera za mnzake.

Katundu wosakwana pa paleti wamba amamangidwa ndi malamba, ndipo chiwerengero chake chimawerengeredwa mbali iliyonse: kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi m'mwamba. Lamba amagwira mokwanira akalunjika kumene mphamvu ikukokera. Akapendekeka mphamvu yake imachepa, komanso malo omangirirapo pansi ali ndi malire awo. Ku Bagram pa 29 Epulo 2013, 747 ya National Airlines inanyamula magalimoto asanu ankhondo olemera matani 12 ndi 18. Yakumbuyo inamasuka ponyamuka, inaboola khoma lakumbuyo, n'kuwononga mapaipi a hayidiroliki ndi chida chosunthira chipsepse cha kumchira. Ofufuza anapeza kuti malamba anali osakwanira ndipo malangizo a kampani pa kamangidwe anali olakwika.

Pa moto, chipinda chachikulu cha ndege zambiri za katundu chilibe mankhwala ozimitsira ngati omwe ali m'mimba mwa ndege. Alamu ya utsi ikalira, oyendetsa amavala masiki a okosijeni, amatulutsa mpweya m'ndege kuti moto usowe chopumira, pa 747 amakhala pa mafiti 25,000, n'kuthamangira bwalo lapafupi. Njira imeneyi siigwira bwino pa mabatire a lithiyamu, chifukwa batire imodzi ikatentha imayatsa inzake. UPS 747 yomwe inagwa ku Dubai pa 3 Seputembala 2010 inali ndi mabatire otere oposa 80,000, ndipo utsi unadzaza chipinda cha oyendetsa mpaka sankaona zida zawo. Kuyambira pa 1 Epulo 2016, mabatire a lithium-ion otumizidwa paokha saloledwa ngati katundu m'ndege za anthu, ndipo m'ndege za katundu amayenera kukhala ndi chaji yosapitirira 30 peresenti. Makampani ena anawonjezera zofunda zosagwira moto zokutira mapaleti ndi makontena opirira moto. Ndege isananyamuke kaputeni amasainira pepala la NOTOC, lomwe limaonetsa katundu woopsa aliyense ndi malo omwe ali. Pepalalo limangoonetsa zomwe wotumiza waulula. Mabatire obisidwa m'katoni yolembedwa kuti zoseweretsa za ana sapezekapo.

Onjezerani kutopa. Ntchito yambiri ya maphukusi ndi ya pakati pa usiku ndi m'bandakucha, nthawi yomwe thupi limafuna kugona. Malamulo atsopano a kupuma omwe anayamba ku America mu 2014 anakakamiza makampani a ndege za anthu okha, a katundu anasiyidwa kuti asankhe okha, ndipo mabungwe a oyendetsa ndege akhala akulimbana nazo kuyambira pamenepo. Pofunsira ntchito, funsani kuti kampaniyo imatsatira malamulo ati a kupuma, kuti pa maulendo ataliatali m'ndege muli bedi lenileni kapena mpando chabe, ndi kuti woyendetsa akanena kuti watopa amamudula malipiro kapena ayi.